Za Madzi a Pansi pa Nthaka ya Chitakale

Kwa Mafumu athu olemekezeka, eni dziko la Mulanje, ndi kwa abale onse a m'Bungwe lathu.

Pa msonkhano ulikudzawu Komiti yaika patsogolo nkhani imodzi yoposa zinzache, ndiyo ya zitsime, akasupe ndi mijigo ya pa Chitakale ndi midzi yozungulira. Tayesa nkwabwino kutumiza mau awa msonkhano usanafike, kuti yense adze atalingalira kale kwao, pakuti mlandu wa madzi suli wakuti munthu aumve lero nauweruze lero lomwe. Tipempha Mafumu atikhululukire ngati pena tilankhula molunjika. Mwana akaona denga lirikupsya sadikira kuti akuru ampatse mpata wolankhula.

Mlendo wotsika basi pa Chitakale, pamene mseu wochokera ku Limbe upatukana, wina kunka ku Boma ndi ku Muloza, wina ku Likhubula ndi ku Phalombe, akakweza maso ache naona phiri ndi mathithi ache m'dzinja, angaseke pakumva kuti anthu a pano ali ndi nkhawa ya madzi. Phiri ili, limene nsonga yache ya Sapitwa ikwera mamita 3,002, libala Likhubula, Lichenya, Ruo, Muloza, Thuchila ndi mitsinje ina yambiri, ndipo mbali yathu ino ilandira mvula yoposa madera ambiri a dziko la Malawi, pamodzi ndi chiperoni cha m'nyengo yozizira. Koma mlendoyo abwerenso mu Okutobala, nadzuke tambala woyamba, naone amai athu ali pa mzere ndi zidebe pa mjigo. Pamenepo adzaleka kuseka.

Tiyambe ndi chimene tonse tinachiona ndi maso. Mzinda wa Blantyre umwa makamaka madzi a m'Shire, amene atungidwa pa Walker's Ferry nakankhidwa ndi makina a magetsi kukwera mtunda wautali kufikira mumzinda. Mtengo wa magetsiwo ngwaukuru, ndipo magetsi akazima mipope iuma. Chifukwa chache Blantyre Water Board inayang'ana kuno, kumene madzi atsika okha. Boma linakongola madola 23.5 miliyoni ku Exim Bank ya dziko la India, ndipo kunakonzedwa kuti madzi a mu Likhubula, malita 20 miliyoni tsiku liri lonse, ayende m'mipope kufikira ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ayeretsedwe kumeneko, napitirire ku mbali ya Limbe. M'zaka za 2016 ndi 2017 mbadwa za kuno, pamodzi ndi bungwe lodziwika ndi dzina lakuti CPM, zinakana poyera, ndi kunena kuti madzi asachoke phiri lisanabzalidwenso mitengo. Panakhala mikangano, misonkhano ndi malonjezo. Koma pofika 2019 nchito inatha, madzi nayamba ulendo wao.

Ife sitiri mwa iwo onena kuti Blantyre asamwe, iai. Ana athu omwe ali ku Bangwe ndi ku Limbe, ndipo makolo athu sanatiphunzitse kumana munthu madzi, angakhale mlendo wodutsa pa njira. Tivomerezanso kuti abale amene anaima pa Likhubula ananena choona, pakuti mtsinje wopanda nkhalango kumutu kwache uli ngati ng'ombe yokamidwa yosadyetsedwa. Chimene chitiwawa ndi china. Tinafika pa bwalo mlandu utagamulidwa kale: ngongole itasainidwa, malo atayesedwa, mapulani atajambulidwa. Anzathu anadza ndi mapepala odzala manambala, ife tinadza ndi mau a pakamwa ndi mkwiyo. Kodi ndani wa ife akadakhoza kutulutsa buku pa bwalo paja ndi kunena, Taonani, midzi iyi iri ndi mipope youma chiyambire chaka chakuti, zitsime izi ziphwa mwezi wakuti, akasupe awa anafa nkhalango yakuti itadulidwa? Zonsezi tinazidziwa, koma tinazidziwa m'mitima ndi m'miyendo ya amai, ndipo pa gome la Boma chosalembedwa chiyesedwa mphekesera.

Ndipo kumbukirani kuti amenewo anali madzi ooneka. Mtsinje uli poyera. Mipope yoikidwa m'mbali mwa mseu mwana ali yense aiona. Tsono ngati tinachedwa pa madzi ooneka, kudzatani pa madzi a pansi pa nthaka, amene achoka popanda phokoso, popanda mwambo wotsegulira, popanda nduna yodula nsaru?

Tilongosole pang'ono za makhalidwe a madzi amenewa, pakuti ambiri ayesa kuti pansi pathu pali nyanja yosatha. Akatswiri a miyala atiphunzitsa kuti sikutero. Mvula ikagwa, ina ithamangira ku mitsinje, ina ibwerera kumwamba ndi dzuwa, ndipo ina ilowa pansi nikhala m'mipata ya mchenga, m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe, monga madzi akhala m'chinkhupule. Thanthwe la dziko lathu nlolimba, ndipo lisunga madzi m'mbali yache ya pamwamba yofumbutukayo ndi m'ming'alu mokha. Nkhokwe imeneyi idzazidwa chaka ndi chaka ndi mvula yolowa pansi pang'onopang'ono. Pamene pali mitengo, udzu ndi zinyalala mvula ipeza nthawi yolowa, koma pa nthaka yambee ithamanga nikokolola dothi. Kotero madzi a m'chitsime cha pa Chitakale ndi madzi a mu Likhubula ali a mai mmodzi. M'malimwe, mvula itatha miyezi yambiri, madzi amene muwaona alikuyendabe mumtsinje ndi omwewo a pansi alikutuluka.

Chitsime chokumba ndi khasu chingofika pamwamba pa nkhokweyo. Mjigo wa manja, uja wa mtundu wa Afridev umene uli m'midzi yathu yambiri, ulowa pansi koposa, koma utunga monga mwa mphamvu ya mkono wa munthu, ndipo Boma liwerengera mjigo umodzi anthu 250. Tsopano kwadza mtundu wachitatu, ndiwo mjigo wakuya wokhala ndi pampu ya magetsi kapena ya mphamvu ya dzuwa, umene utunga usana wonse osapuma nudzaza mathanki. Pozungulira mjigo wotere madzi a pansi atsika, monga chimanga chitsika m'nkhokwe pamene munthu atapa cha pansi. Ukakhala umodzi, pa malo otakasuka, bvuto lichepa. Ikachuluka pa malo amodzi, choyamba kuphwa ndicho chitsime chosaya, ndipo mwini chitsime chosaya ndiye wosauka. Chitakale chirikukula: nyumba zogona alendo, masitolo, zigayo, nyumba za lendi ndi minda yothirira. Ali yense wopeza ndarama, mipope ya Southern Region Water Board ikamkhumudwitsa kapena ikapanda kumfika, aitana galimoto yoboola. Sitimtsutsa, ifenso tikadakhala nazo ndarama tikadatero. Koma onsewa alikutapa m'nkhokwe imodzi, ndipo pakati pathu palibe wowerenga madengu.

Wolemba mau awa anakulira pa chitsime chimene agogo ache anakumba, ndipo akumbukira kuti m'chilala cha 1992 mabanja a kutali anadza kudzatunga pomwepo, osaphwa. Zaka zapitazi munthu wina wachuma, amene sitimtchula dzina, anagula malo pafupi, naboola mjigo wakuya, naika pampu ndi mathanki awiri. Malimwe otsatira chitsime chathu chinatsala matope Seputembala asanathe. Tinapita atatu kukadandaula. Munthuyo anatilandira mwaulemu, natipatsa mipando, natifunsa funso limodzi lokha: madzi anali pati kale, ndipo ali pati lero? Anati kapena mvula inachepa, kapena ndi mitengo imene inu nomwe munadula kumtunda, kapena chitsime chakalamba chifuna kufukulidwa. Tinayang'anana. Mai anga anati, Madzi anali kufika pa mwala wakuda uja. Iye anamwetulira, ndipo sitinamuyese woipa, pakuti mwala wakuda suli umboni pa bwalo liri lonse. Tinabwerako manja ali m'khosi. Akuru anati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Ife tinachidziwa kuya kwache tsiku limene kudziwako kunalibenso nchito.

Tsono tinene za lamulo, chifukwa pa misonkhano yathu abale ena aimirira nati, Madzi ndi athu, Mafumu aletse. Mau amenewa akoma m'khutu, koma tisanyengane. Lamulo la 1969 linaika madzi onse a dziko lino m'manja mwa Pulezidenti. Lamulo limene linalowa m'malo mwache mu 2013, lotchedwa Water Resources Act, liwaika m'manja mwa dziko lonse, ndipo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene likulu lache liri ku Lilongwe, kuti lidziyang'anira madzi a pamwamba ndi a pansi omwe. Mwini munda sali mwini madzi a pansi pa munda wache. Mfumu siiri mwini wache, Khonsolo siiri mwini wache, ndi Bungwe lathu lomwe siliri mwini wache. Wotunga madzi a pakhomo, akumwa, kuphikira ndi kuchapira, safunsidwa chilolezo; koma wofuna kuboola mjigo, kapena kutunga madzi ambiri a malonda, a fakitale kapena a ulimi waukuru wothirira, ayenera kutenga chilolezo ku bungwe limenelo, ndi oboola mijigo omwe ayenera kukhala olembedwa. Lamulo lomwelo litsegula khomo la makomiti oyang'anira madera a mitsinje, ndi la mabungwe a anthu ogwiritsa nchito madzi amodzi.

Ife tiyesa lamuloli nlabwino. Likaniza wachuma kunena kuti, Pansi pa mpanda wanga ndichita chimene ndifuna. Ndipo lilemekeza madzi a pakhomo. Koma mlembi wokhala ku Lilongwe, polandira pempho la chilolezo chochokera ku Chitakale, aona dzina la wopempha, malo ndi muyeso wa madzi ofunidwa. Zitsime zisanu ndi ziwiri za kuseri kwa mpanda wa wopemphayo sazidziwa, pokhapokha wina atamuuza. Ndipo wopemphayo sadzamuuza.

Apa Mafumu atilole tibwerere m'mbuyo, ku chilonda chimene dziko la Mulanje ndi Thyolo lichidziwa koposa maiko onse. Kuyambira 1892 Harry Johnston anapatsa Azungu a minda makalata otchedwa Certificates of Claim, otsimikiza malo amene anati anagula kwa mafumu. M'makalata ambiri munali mau oteteza eni dziko, akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Anali mau abwino ndithu. Koma kawirikawiri midziyo sinalembedwe maina ache, kapena malire a minda yache, kapena chiwerengero cha anthu ache. Patapita zaka, midzi itasuntha monga mwa ulimi wa masiku aja, ndi makolo athu Alomwe atadza ochuluka kuchokera ku dziko la Apwitikizi, panalibenso wokhoza kuloza kuti wobadwira pano ndi uyu, wodza ndi uyu. Onse pamodzi anagwa m'thangata. Mabungwe a mbadwa, kuyambira lija la North Nyasa la 1912 limene Levi Mumba anali mlembi wache, analemba madandaulo zaka ndi zaka. Sir Sidney Abrahams anadza mu 1946 kudzafufuza za malo, ndipo thangata linatha mu 1962. Zaka 70 zinapita kukonza chimene chikadachepa mphamvu ndi buku limodzi la maina ndi malire. Mwini kalata anali ndi pepala ndi mapu. Mwini mudzi anali ndi chikumbukiro cha nkhalamba, ndipo nkhalamba zinamwalira.

Lero lamulo la madzi liri ndi mau oteteza ofanana ndi aja, ndipo zitsime zathu ziri zosalembedwa monga midzi ija.

Chifukwa chache chimene Komiti ipempha si chionetsero kapena kutseka mseu. Ipempha buku. Mudzi uli wonse wa pa Chitakale ndi pozungulira ukhale ndi kaundula wa madzi ache: chitsime chiri chonse, kasupe ali yense, mjigo uli wonse, wa mudzi kapena wa munthu, wamoyo kapena wakufa; unakumbidwa chaka chiti ndi yani, ngwakuya motani, atungapo mabanja angati, ndipo uli mapazi angati kuchokera ku chimbudzi chapafupi. Ndipo kawiri pa chaka, mu Epulo mvula itatha ndi kumapeto kwa Okutobala isanayambe, anthu awiri atsitse chingwe chomangidwa mwala m'chitsime chiri chonse chotseguka, nayese kuchokera pa mlomo wache kufikira pamene chingwe chanyowa, nalembe muyeso ndi tsiku. Pa mjigo wotsekedwa alembe mwezi umene uyamba kubvuta, ndi mapopedwe angati adzaza chidebe. Nchito yonseyi ifuna buku la chikuto cholimba, chingwe, tepi ya mmisiri ndi mwana wodziwa kulemba. Chaka choyamba manambala adzaoneka opanda pache. Chaka chachisanu adzayamba kulankhula, ndipo adzalankhula chinenero chimene a Lilongwe achimva. Adzatiuzanso zoona ngakhale pamene sitizifuna; pakuti kapena tidzapeza kuti chitsime china chiphwa chifukwa cha mvula yochepa, osati chifukwa cha mnansi amene timnena, ndipo pamenepo tidzakhala titapulumuka ku mlandu wonamizira munthu.

Buku limeneli lisakhale limodzi. Lina likhale kwa nyakwawa, lina kwa Mfumu yaikuru, ndipo lachitatu liperekedwe ku ofesi ya madzi ya Khonsolo ya Mulanje ndi kudindidwa chidindo cholandirira, pakuti tonse tidziwa za mabuku a mudzi amene anadyedwa ndi chiswe, kapena anasowa pa maliro a mlembi. Ndipo oyesa madzi asakhale amuna okha. Mwa abambo amene adzakhala pa mipando pa msonkhano wathu, ndi angati anatungapo madzi chaka chino? Amai ndiwo adziwa chitsime chimene chisintha kukoma, ndi chimene chitsika msanga; kuwasiya kunja kuli ngati kufunsa za munda kwa munthu wosagwira khasu.

Tikakhala nalo buku, tidzakhala ndi nkhope yopemphera zina. Tidzapempha kudzera kwa Bwana DC kuti National Water Resources Authority itipatse mndandanda wa zilolezo zonse zoperekedwa m'dera lino, ndi kuti pempho latsopano la mjigo waukuru lidzidziwitsidwa kwa Mfumu ndi komiti ya mudzi chilolezo chisanatuluke, kuti wodandaula adandaule nthawi ikalipo. Tidzapempha kuti woboola ali yense, kaya watumidwa ndi Boma, ndi mpingo, ndi bungwe lachifundo, kapena ndi wofuna mavoti, asiye m'mudzi pepala lonena kuya kwa mjigo, pamene anapeza madzi ndi muyeso wache. Mijigo ingati yaima m'midzi mwathu ngati zipilala za pa manda, itaboledwa mofulumira chaka cha chisankho niuma malimwe oyamba? Ndipo tidzapempha mpando wa anthu a Chitakale mu komiti iri yonse yoyang'anira dera la mitsinje ya phiri lino.

Wina adzati, kodi kamudzi kangalimbane ndi eni chuma? Timuuze za Plachimada, mudzi wa m'chigawo cha Kerala, m'dziko lomwe lija la India limene linatikongoza ndarama za mipope. Kumeneko kampani ya Coca-Cola inamanga fakitale yotunga madzi a pansi, ndipo anthu anadandaula kuti zitsime zao zirikuphwa ndi kuipa. Mu 2002 anayamba kukhala pa chipata cha fakitale, amai ali patsogolo. Mu 2003 khonsolo yaing'ono ya midzi ya Perumatty inakana kuonjezera chilolezo cha fakitaleyo, ndipo mu 2004 makina analeka. Mlandu unayenda m'makhoti zaka zambiri, oweruza ena nakomera khonsolo, ena nakomera kampani, koma fakitale sinatsegulidwenso. Sitinena kuti pa Chitakale pali fakitale yotere, kapena kuti malamulo a India ndi athu. Tingoona kuti kukhala pa chipata kokha sikukadakwanira. Chimene chinagwira nchito ndi chakuti khonsolo ya pamudzi inali ndi mau pa chilolezo, niwagwiritsa nchito. Mau oterewa ndi amene tifuna.

Ndipo sitifunikira kupita ku India kuti tidziwe kuti anthu wamba akhoza kusamala madzi ao. Nchito ya mipope yotsika yokha kuchokera m'mapiri inayamba ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo posachedwa inafika kuno ku Chambe, nifalikira m'dziko la Mulanje ndi Phalombe m'zaka za m'ma 1970. Boma linapereka mipope ndi amisiri, koma ngalande za makilomita mazana anakumba ndi makolo athu ndi makasu ao, mudzi ndi mudzi, tsiku lache lache, Mafumu ali patsogolo. Ndipo mpope uli wonse unali ndi komiti yache. Alendo a maiko ena anadza kudzaphunzira kwa ife. Kuti mipope yambiri ya masiku aja inauma pambuyo pache, chifukwa china nchakuti makomiti anagona ndipo magwero a mitsinje analimidwa.

Izi zitifikitsa pa mbali yowawa, imene sitingailumphe popanda kukhala achinyengo. Nkhalango ya phiri inaikidwa pansi pa chitetezo cha Boma mu 1927, ndipo mkungudza wa Mulanje ndiwo mtengo wa fuko lathu. Koma mu 2017 ofufuza anapeza mikungudza yaikuru 7 yokha yotsala m'phiri lonse. Amene anacheka matabwa, amene aotcha makala m'mapazi mwa phiri, amene ayatsa moto posaka mbewa ndi nyama, sanachoke ku Blantyre onse. Ambiri ndi ana athu, ndipo tidziwa nyumba zao. Tidziwanso kuti umphawi ndi kuchepa kwa malo ndizo ziwakankha, m'dziko limene nthaka yabwino yambiri iri pansi pa tiyi. Koma nkhokwe ya pansi siifunsa chifukwa. Mtengo ukachoka, mvula ithamanga. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anationetsa kuthamangako, monga napolo wa ku Phalombe anaonetsa akuru athu mu 1991: miyala ndi matope zinatsika, anthu ambiri anatayika, mipope inakokoloka ndi zitsime zinakwiririka. M'masiku amenewo mjigo wamoyo unali chuma choposa sitolo. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo tikondwera. Koma kaundula ameneyo alemba phiri, salemba chitsime cha kuseri kwa msika. Icho tidzalemba tokha.

Palinso kuipa kwa madzi, kumene kupha msanga kuposa kuphwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa malo othinana monga Chitakale, pamene mwini puloti amanga nyumba za lendi mpaka ku malire, chimbudzi cha uyu chikhala pa mutu pa chitsime cha uyo. Azaumoyo alangiza mamita osachepera 30 pakati pa ziwirizi, chimbudzi chiri kumunsi. Mlandu uwu sufuna Lilongwe. Uli m'manja mwa nyakwawa ndi alangizi a zaumoyo, ndipo kaundula adzauonetsa poyera tsamba loyamba.

Tsopano mau athu kwa inu Mafumu, ndipo tiwanena titagwada. Lamulo silinakupatseni madzi, koma galimoto yoboola siiima m'mlengalenga. Iima pa nthaka, ndipo pa nthaka ya makolo mau anu ndi a makomiti a malo, amene lamulo la 2016 la malo a makolo linakhazikitsa, ali ndi mphamvu. Munthu akadza kwa inu madzulo ndi ulemu wache m'manja, nati ndingofuna kaphazi ka malo koika thanki, tikupemphani musayankhe usiku womwewo. Mfunseni chilolezo chache chiri kuti, adzatunga madzi ochuluka motani, ndi a nchito yanji. Itanani amai a zitsime zapafupi. Ndipo chimene mwapangana chilembedwe, makamaka chimene adzachita chitsime cha anansi chikaphwa. Wodza ndi mtima wabwino sadzakhumudwa ndi mafunso awa, ndipo ambiri adzalola kuika mpope kunja kwa mpanda. Mafumu a 1892 analandira nsaru, mikanda ndi mfuti, osadziwa chimene pepala linanena, ndipo sitiwaweruza, pakuti panalibe wowawerengera. Inu muli ndi ana odziwa kuwerenga m'nyumba iri yonse, ndi mlembi wa Bungwe lino ali wokonzeka kudza pa njinga pamene mwamuitana.

Eni minda ya tiyi nawonso tifuna kuwaitana, osati monga oimbidwa mlandu koma monga anansi akumwa m'nkhokwe yomweyo. Iwo ayesa mvula tsiku ndi tsiku chiyambire kale, ndipo mabuku ao a mvula akaikidwa pambali pa mabuku athu a zitsime, tonse tidzaona bwino chimene chichokera kumwamba ndi chimene chichokera kwa anthu. Komiti ipempha chilolezo cha msonkhano kuti iwalembere kalata, pamodzi ndi ina kwa Bwana DC ndi ina ku Southern Region Water Board.

Potsiriza, tipempha nyakwawa iri yonse, kapena nthumwi yache, idze ku msonkhano ndi pepala la maina a zitsime, akasupe ndi mijigo ya m'mudzi mwache, angakhale akufa ndi okwiririka, ndi maina a anthu awiri, mai mmodzi ndi bambo mmodzi, amene adzagwira chingwe. Msungichuma adzanena mtengo wa mabuku ndi matepi, ndipo msonkhano udzagamula ngati zigulidwe ndi thumba la Bungwe kapena ndi chopereka cha mudzi ndi mudzi. Muyeso woyamba tifuna utengedwe Okutobala alikudzayu, mvula isanagwe.

Ine wanu m'nchito ya Bungwe,
Mlembi.